Tsache la Nasibeko

Makina oyendera midzi ali m'mwamba ankati malo aliwonse opanda chobiriwira ndi bwinja, ndipo bwinja linkaperekedwa ku gulu la chitukuko pamodzi ndi thandizo lolikonzera. Nasibeko ankasesa m'mawa uliwonse pamene panali nyumba ya malemu mwana wake, mpaka pansi kuchita kusalala.

"Alamu, makinawo akuti pano palibe munthu," anatero a Chikaonda, apampando a gululo, atachita kuvalira tayi. "Tiikapo mabenchi."

"Palibe munthu? Nanga amasesapo ndani?"

"Kusesako ndiye mlandu. Udzu ukamera, salanda."

Nasibeko anatsomeka tsache kudenga. Mvula itagwa, chisoso chinakuta pakhomo pa mwana uja, makina n'kulengeza kuti malowo tsopano akusamalidwa bwino. Popita kumjigo, Nasibeko anayamba kudzera njira ina.