Khutu la Ivy

Panali mayi wina ku Chileka, dzina lake Enifa, katswiri wothandiza ana ovutika kulankhula komanso a khalidwe lovuta. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ndi yoona.

Mayiyu ankayang'aniranso ophunzira ntchitoyi. Mmodzi mwa iwo, mtsikana wotchedwa Christobel, anamutumiza ku Lirangwe kukathandiza Ivy, mwana wa zaka zisanu wosalankhula, yemwe anali atayamba kukuwa ndi kudzimenya m'mutu.

Enifa anamuona mwanayo kamodzi kokha, n'kulemba dongosolo. Anati Ivy akungofuna kunyengereredwa, choncho akayamba kukuwa azimugwira manja asadzipweteke, koma osamutonthoza mpaka atasiya. Enifa ankayenera kupita Lachitatu lililonse kukaona mmene ntchito ikuyendera, koma lero msonkhano m'tauni, mawa mvula, zonse zinkathera pa foni.

Tsiku lina Christobel anaimba.

"Madamu, ndamuyang'anitsitsa kwa milungu iwiri. Amakuwa ngakhale ali yekha, ndipo amamenya kumanzere kokha. Bwanji mubwere tidzaone limodzi?"

"Iwe, ntchitoyi ndinayamba uli kupulayimale. Khalidwe limayamba lakula kaye lisanathe. Tsatira pepala."

Mtsikanayo anatsatira pepala mwezi wathunthu, mtima ukumupweteka. Kenako mafinya anatuluka m'khutu lakumanzere la Ivy. Kuchipatala anati khutulo ladwala nthawi yaitali ndipo silidzamvanso bwino.

Enifa atamva, anakwera minibasi kupita ku Lirangwe. Anapeza a Alufandika, bambo a mwanayo, akukalipira Christobel pakhonde.

"Mwana ankalira ndi ululu, iwe n'kumatiletsa kumunyamula! Sukulu yanjitu imeneyo?"

Christobel ankangolira. Sanatchule dzina la madamu ake ngakhale kamodzi, ndipo izi ndi zimene zinamulasa Enifa mtima. Akanatha kukhala chete, mlandu n'kutsalira mtsikanayo. Koma anagwada pansi.

"Bambo a Ivy, wolakwa ndine. Dongosololo ndinalemba ndine. Mtsikanayu anaona vuto, anandiuza, anandiitana, ine sindinabwere. Musamuthamangitse, ndi amene amamudziwa mwana wanu."

A Alufandika anasiya kukalipa. Kenako anati, "Dzukani mayi. Mwanayo ali m'nyumba, kamuoneni."

Ivy anali pamphasa akuseweretsa zitsekero za mabotolo. Enifa anakhala kumanzere kwake n'kumuitana motsitsa. Anaitana kawiri, mwana osatembenuka.

Christobel anamugwira mkono pang'ono.

"Madamu, bwerani mbali iyi."

Enifa anasuntha, misozi ikutsika.

Phunziro: Inu amene mumayang'anira ophunzira ntchito, musayang'anire pa foni pokha. Pitani mukaone ndi maso, ndipo wophunzira akakuuzani zimene waona, mverani, chifukwa ndi iye amene amakhala ndi mwana tsiku lonse. Zikalakwika musabisale kumbuyo kwake, paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Tumizirani aphunzitsi, anamwino ndi onse amene ali ndi anthu owaphunzitsa.