Buku Chadodolido

Mayi anakhala pa kampando ka ana, mawondo atafika m'chifuwa. Aphunzitsi a sukulu yamkaka anali atawaitanitsa pa nkhani ya mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene anachita kum'pempha kwa Mulungu ndi misozi.

"Chaka chino sakwera kalasi," anatero aphunzitsi. "Taonani nokha."

Anapatsa mwanayo buku la zithunzi. Iye analitembenuza chadodolido, n'kuyamba kuyendetsa chala pa mawu kuchokera kumanja kupita kumanzere, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, osadumpha mzere.

Mayi anaona kuti sukuluyi yawagwiritsa fuwa lamoto. Kunyumba kunalibe vuto. Loweruka lililonse masana, iwo akapita kokonzekera nyimbo za kwaya, bambo ankanyamula mwanayo ndi kachikwama ka mabuku, ulendo wa ku laibulale. Ndi amuna angati amatero? Mayi anaimirirapo m'tchalitchi kuchitira umboni za mwamuna ameneyu, anzawo n'kuyankha ameni wansanje.

"Aphunzitsi, ife tinakupatsani kankhosa kathu kuti mukawete, inu mwakasocheretsa. Bambo ake amamuwerengera sabata ndi sabata."

"Kuwerengeredwa ndiye amawerengeredwa, amayi," anayankha aphunzitsi mofatsa. "Akudziwa kuti nkhani imakhala m'zilembo, osati m'zithunzi. Koma mwana amatengera zimene maso ake azolowera. Wokhala pamiyendo amaona zilembo zili chilili. Uyu akuoneka kuti amakhala moyang'anizana ndi wowerengayo."

Mayi anaseka chamumtima. Kuteteza ntchito kumeneku! Pamiyendo pa bambo ake akanamulanda ndani, mwana wobadwa yekha? Anaganiza zowachititsa manyazi aphunzitsiwo pompo, mawa akamufunire mwana sukulu ina.

Anamukweza pamiyendo, n'kuliwongola bukulo, chibwano chawo chili pamutu pake.

"Tawauza aphunzitsi ako, mayi wanga. Adadi amakukhazika chonchi, eti?"

Mwanayo anayang'ana tsambalo ngati nkhope ya mlendo, kenako anapukusa mutu.

"Apa si panga. Pamiyendo pa adadi pamakhala mng'ono wanga, wa kunyumba kwa anti kuja. Ine ndine wamkulu, ndimakhala pansi." Anagwira pakamwa ndi kadzanja. "Koma adadi anati inu musadziwe."