Kapitawo wa Mgodi pa Phiri la Nyika

Panali bambo wina ku Mindolo, mu Kitwe, dzina lawo a Wesley Chirambo. Amene anandiuza nkhaniyi amapemphera nawo mpingo umodzi. A Chirambo anagwira ntchito pansi pa mgodi zaka 27, mpaka kukhala kapitawo. Chaka chimene migodi inagulitsidwa, nawonso anachotsedwa ntchito. Anzawo ankalira, koma iwo anafika kunyumba akuimba mluzu.

"Bana Glory, longedzani," anauza akazi awo, mayi Ruby, powaitana ndi dzina la mwana wawo monga amachitira ku Kitwe. "Holide ndinakulonjezani tsiku la ukwati ija yakwana. Tikupita ku Nyika."

Bambo awo a Chirambo anali a ku Rumphi, ndipo ankakonda kusimba za kanyanja ka pamwamba pa phiri la Nyika. Bambowo anamwalira mwana wawoyo asanakaone kanyanjako, ndipo zimenezi zinkawawawa a Chirambo.

Asananyamuke anapita kuchipatala komaliza, khadi la kumgodi lisanathe ntchito. Namwino ataona chithunzi cha m'chifuwa anati, "Fumbi la miyala lilimo ndithu, ndipo kumtunda kuja mpweya ndi wochepa. Mukafika mukapume masiku awiri, muzikamwa madzi ambiri, osathamanga."

A Chirambo anaseka. "Ine ndapuma mpweya wa pansi pa dziko, kilomita yathunthu. Phiri lingandiuze chiyani?"

Abambo enawa kuwalangiza kuli ngati kuthira madzi padenga la malata.

Galimoto inawasiya pamalo ogona alendo masana, kukuzizira koopsa. Mayi Ruby anavala juzi nakhala pansi ndi kapu ya tiyi. A Chirambo ngakhale chikwama sanamasule. Anapita kwa mlonda wa m'nkhalangomo, a Shadreck, kuti awaperekeze kunyanja.

"Lero ayi, bambo," anatero a Shadreck. "Thupi liyambe lazolowera. Tipita mkuja."

"Ngati mwatopa, ingondilozerani njira."

A Shadreck sakanawasiya okha, choncho anawatsatira. Atawapatsa botolo la madzi, a Chirambo anakana. "Kuzizira konseku, ludzu lichokera kuti?"

Anayenda ngati akuchedwa ku shifiti. Patatha ola limodzi mutu unayamba kuwawa, miyendo inalemera, chifuwa chinayamba kubanika. Kenaka anasanza, nagwada m'maudzu. Nyanja inali isanaoneke n'komwe. A Shadreck anawabweza atawakoleka paphewa.

"Mayi," anatero mlondayo atafika, "akapanda kupeza bwino dzuwa lisanalowe, tiwatsitsira ku Rumphi. Nyanja aiwale."

Mayi Ruby anachita mantha kwambiri, koma sanakalipe. Anawafunditsa bulangeti, nawamwetsa madzi pang'onopang'ono. Mpweya utayamba kubwerera, anawafunsa motsitsa mawu.

"Bashi Glory, bambo a mwana wanga, munthu watsopano akabwera m'gulu lanu, munkamutsitsa pansi penipeni tsiku loyamba?"

"Awe, ayi. Ankayambira chapamwamba, azolowere kutentha. Wojijirika ndinkamubweza."

"Nanga kuno watsopano ndani?"

Manyazi anawagwira a Chirambo.

"Ndine, mukwai," anavomera mwaulemu.

"Basi. Kuyambira lero kapitawo ndine."

Mwamwayi, pofika madzulo mutu unali utaleka. Masiku awiri otsatira a Chirambo sanapitirire pakhonde. Ankadya phala lotentha, kumwa madzi mwa lamulo, ndi kuwerenga mbidzi zimene zinkadya msipu patali. Anthu awiriwa anacheza nkhani zimene zaka zonse za mashifiti sizinawapatse mpata, ndipo anaseka mpaka kupweteka nthiti.

Tsiku lachitatu ananyamuka, mayi Ruby patsogolo. Akati "Imani," a Chirambo ankaima. Akati "Imwani," ankamwa, osawiringula. Dzuwa lili pamutu a Shadreck analoza kutsogolo.

Kanyanjako kanali kakang'ono, kochepa kuposa damu la ku Mindolo. Komabe a Chirambo anavula chipewa, nagwira madziwo ndi dzanja.

"Adada, ndafika," anatero, misozi ikutsika uku akuseka.

Atabwerera ku Kitwe, anzawo a kumpingo anawafunsa mmene phiri analionera.

"Zaka 27 ndinkangodziwa kutsika," anayankha a Chirambo, uku akuloza mayi Ruby. "Kukwera andiphunzitsa ndi awa."

Phunziro: Kudziwa ntchito yako sikudziwa malo onse. Mukapita kumapiri ataliatali, pumani kaye, imwani madzi ngakhale ludzu palibe, valani zofunda, ndipo mutu kapena chifuwa zikakana kusintha, tsikani msanga. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu, makamaka abambo aja amati amadziwa zonse.