Tsiku Losachapa Zovala

Mayi Edith anagwira basiketi ya zovala zakuda ndi manja onse awiri, osafuna kuisiya.

"Lero ayi, Mathilda. Arthur wapita kunyanja m'mawa uno."

Mathilda, wosamalira okalamba, anayang'ana wotchi. Makina ochapira a panyumba ya okalambayi ku Scarborough, kutali ndi England, amatsekedwa teni koloko, ndipo a Bupe, oyang'anira ntchito, anali atamuchenjeza kale kawiri.

"Kwathu ku England, m'mudzi wa asodzi, mkazi sachapa tsiku limene boti lanyamuka," anatero Mayi Edith, maso ali pawindo, mapazi osakhazikika. "Ukachapa, madzi amamutenga mwamuna wako."

Patebulo panali chithunzi cha Arthur, mwamuna wawo, amene nyanja inamutenga zaka makumi asanu zapitazo. Panja pankangodutsa mabasi m'chipale chofewa.

A Bupe anasuzumira pakhomo. "Iwe Mathilda, laundry ija bwanji, sunachape? Nizakulembera lipoti ine."

Mathilda anapemphera chamumtima. Anamasula zala za Mayi Edith chimodzichimodzi, nakankhira basiketi kunsi kwa bedi.

"Lembani, amayi," anawayankha a Bupe. "Tichapa mawa."

Mayi Edith anakhala pansi koyamba chidzukireni, napempha tiyi.