Mbaula Yaikulu ya Mayi Eduvina

Tcherani khutu, abale ndi alongo, ndipo musunge mumtima zimene muti muwerengezi, pakuti amene anandifotokozera anaziona ndi maso ake.

Panali munthu wina pachilumba cha Chiloé, dzina lake Eduvina, mayi wopemphera ndi wodziwa kulandira alendo. Nyengo yozizira ikafika, mvula ikugwa osapuma, amayi a m'mudzimo ankasonkhana m'khitchini mwake kupota ubweya wa nkhosa, chikho cha tiyi chikuyenda kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Kambaula kake ka nkhuni kanali kakale, koma panalibe wodandaula.

Chaka china Orfelina, mlongo wa mwamuna wake, anakuza khitchini yake n'kugula mbaula yatsopano yachitsulo, yokhala ndi chumuni chotulutsira utsi padenga ndi chitseko chagalasi. Amayi aja anapita kukaiona, ndipo anazolowera komweko. Masana aliwonse Eduvina ankaima pazenera, akumva anzake akuseka kwa mlamu wake, mtima ukumuwawa.

"Bambo, mchemwali wanu wandilanda anthu," anatero kwa mwamuna wake Belarmino.

"Anthuwo ndi nkhuku kodi, zoti munthu n'kulanda? Tengani ubweya wanu mupite komweko, n'pafupi."

"Ine? Ndikaothe moto wa Orfelina? Bola ndiume ndi chisanu."

Pasanapite nthawi kunafika munthu wachilendo pagalimoto, akugulitsa mbaula. Eduvina sanafunse za nkhuni kapena za chumuni. Funso lake linali limodzi: "Yaikulu kuposa zonse ndi iti?"

"Mayi, muli ndi diso," anatero mlendoyo, akumenya chitsulo ndi chikhatho. "Iyi ikalowa m'nyumba mwanu, mudzi wonse udzasamukira kwanu."

Eduvina anaigula, ndipo amuna a m'mudzimo atainyamula kuilowetsa, Orfelina anabwera kudzaiona. Anaizungulira, n'kuyang'ana makoma a matabwa ndi denga.

"Alamu, mbaulayi ndi yokongola, koma ndi ya muholo ya tchalitchi. Chipinda chino n'chaching'ono. Muibweze, mutenge yocheperapo."

"Yocheperapo kuposa yanu, eti?"

"Ayi, alamu, ndikunena za..."

"Ndamva. Pitani, moto wanu ungazime."

Tsiku loyamba amayi anabweradi. Koma mbaula itakolera, m'khitchinimo munatentha ngati mu uvuni. Anavula majuzi, anatsegula chitseko ndi mazenera, thukuta lili kamukamu.

"Eduvina, watiitana kudzapota ubweya kapena kudzatiwotcha ngati mbatata?" anafunsa mayi wina wachikulire, onse n'kufa nazo ziseko. M'mawa mwake anabwerera kwa Orfelina.

Eduvina sanafune kuvomera. Anapeza nzeru yake: anayamba kuikamo nkhuni zaziwisi, zimene Belarmino anasanja kuti ziume kufikira chaka chamawa, n'kumatseka kabowo kolowera mpweya, kuti moto uzinyeka pang'onopang'ono. Kutentha kunachepadi. Koma utsi wa nkhuni zaziwisi ndi wolemera, ndipo ukamakwera mozizira umamata phula lakuda m'kati mwa chumuni.

Orfelina anaona utsiwo ali kwake, ndipo Lamulungu lina potuluka m'tchalitchi anamugwira mlamu wake padzanja.

"Alamu, utsi wanu sukundisangalatsa. Uzani achimwene akwere akapale chumuni. Phula limenelo likagwira moto silizimitsika."

"Kani mumakhalira kuyang'ana utsi wanga? Nsanje idzakuphani, alamu."

Ndipo Eduvina sanamuuze kanthu Belarmino, pakuti mawu ochokera pakamwa pa Orfelina sakanawabwereza.

Chikondwerero cha woyera mtima wa tchalitchi chawo chitayandikira, Eduvina anapempha kuti buledi wa tsikulo aphikidwe kwake, pofuna kuti onse aone chimene mbaula yaikulu ingachite. M'mawa umenewo, amayi asanafike, anadzaza nkhuni zouma, n'kutsegula mpweya wonse. Moto unakwera. Mwadzidzidzi chumuni chinayamba kulira ngati mphepo yamkuntho, paipi inafiira, ndipo malawi anatulukira pamwamba n'kugwira timatabwa ta denga.

"Mayo! Belarmino! Nyumba!" anakuwa Eduvina.

Woyamba kufika anali Orfelina, ndowa ili m'manja. Analowa mu utsi n'kumukokera panja mlamu wake, amene ankalimbana ndi kupulumutsa mtanda wa buledi. Kenako anafika amayi onse aja, ndi amuna awo, ndi ana awo, akupatsirana ndowa kuchokera kuchitsime. Koma mphepo ya kunyanja inali yamphamvu, ndipo nyumba ya matabwa sichedwa. Mulungu anachita chifundo kuti sipanatayike moyo.

Pamene utsi unatha, mudzi wonse unali utaima pabwalo la Eduvina, monga momwe iye ankafunira. Makoma panalibe, denga panalibe. Pakati pa phulusa panaima mbaula ija yokhayokha, yathunthu, ndipo aliyense anaona kuti inalidi yaikulu kuposa ya Orfelina.

Phunziro: Nsanje imagontha makutu a munthu, kotero kuti chenjezo la wachibale amalimva ngati chipongwe, ndipo mawu okoma a mlendo amawamva ngati choonadi. Mnzako akadalitsidwa, pita ukakondwere naye. Usagule chinthu poyeza nyumba ya wina, yeza yako. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anansi, kapena ingapulumutse wina amene mtima wake wayamba kufuka. Ambuye adalitse inu nonse amene mwamva, akupatseni mtima wokhutira, ndipo asunge nyumba zanu ndi onse okhalamo. Amen.