Q wa Pakhomo pa a Chakhaza

Chikhazikitsireni lamulo loti madzi a mvula asatuluke pabwalo la munthu, khomo lililonse lili ndi kamakina kolembedwa Q, kowerenga malita othawa pa sekondi. Q akangochoka pa ziro, aboma amatseka mpopi.

A Chakhaza anakumba maenje, anaunda mizere, mvula n'kumangolowa pansi mwakachetechete. Koma mtima unkalakalaka mkokomo wa m'ngalande momwe paubwana ankathamangitsamo timabwato ta mapesi.

Tsiku lina chimvula chikukhuthuka, anapeza akazi awo, a Nachisale, akugumula mzere ndi chidendene, mapesi awiri ali m'manja.

"Mayi, mpopi uja atitsekera!"

"Atseke," anatero a Nachisale. "Nali phesi lanu. Tione loyamba kufika kumsewu."