Chisanu Chimene Nkhwali Ankadikira

Padangokhala Nkhwali, mlimi wa kumapiri kozizira. Tsiku lina Mbozi wochokera kuchigwa kotentha anafika pa dimba lake ali wefuwefu.

"Odi, achimwene. Ndiloleni ndikhale pa phesi limodzi lokha la chimanga. Chisanu cha mu Juni chikagwa, ndichoka."

Njiwa, mlamu wake wa Nkhwali, anamunong'oneza kuti, "Alamu, mjompheni lero lomwe akadali yekha."

Nkhwali anaseka. "Ndidetserenji mlomo? Kuno chisanu ndicho chimatiphera tizilombo. Chiyambire makolo athu, palibe mbozi inaonapo Julaye."

Choncho anamulola Mbozi kukhala.

Juni anafika, koma m'mawa uliwonse Nkhwali akaponda udzu ankapeza mame ofunda. Anadikira sabata, anadikira mwezi. Mbozi anamera mapiko naikira mazira, ana ake nadzaza dimba lonse. Masamba a chimanga anangoti zibowo mbwee ngati sefa.

Nkhwali anajompha mpaka mlomo kuwawa, koma mbozizo sizinachepe.

"Chokani m'dimba mwanga," anatero motopa.

Mdzukulu wa Mbozi anasuzumira pa phesi lomaliza, akutafuna. "Agogo anati tichoke chisanu chikagwa. Chagwa kodi, bambo?"

Nkhwali anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali likuswa mtengo.

Nthano yathera pompa, koma Nkhwali akudikirabe.